Mchona ndi Zimbale Ziwiri

Pa Golomoti, pamene mseu wotsika m'mapiri a Dedza ukomana ndi mseu wa kunyanja wocokera ku Salima kunka ku Balaka, pali telala wina wacikulire amene asoka pakhonde la sitolo. Anthu a kumeneko amdziwa ndi zinthu ziwiri. Coyamba ndi cakuti sanamiza munthu za tsiku lodzatenga cobvala cace, khalidwe losowa ndithu pakati pa atelala. Caciwiri ndi cakuti makina ace salira okha, koma amalira pamodzi ndi kawailesi kopacikidwa pa msomali, kamene sikagwira nyumba youlutsa mau iri yonse, koma kangobwereza nyimbo zosungidwa m'kakhadi kakang'ono ngati cikhadabo. Nyimbozo si za Lucius Banda, ngakhale kwao kwa malemuwo ku Balaka ndi pafupi. Si za Black Missionaries zimene zimveka m'maminibasi opita ku Monkey Bay. Ndi nyimbo za gulu lina dzina lace The Very Best, limene anthu ambiri odutsa pakhondepo sanalimvepo, ngakhale woimba wace ndi Mmalawi ndipo nyimbo zace zambiri aimba m'Cicewa.

Mbiri ya gululo ndi yotere. Esau Mwamwaya anabadwira ku Mzuzu nakulira ku Lilongwe, kumene ankaomba ng'oma m'magulu a oimba. M'caka ca 1999 anapita ku London, ndipo monga acitira alendo ambiri, anasiya nchito imene anaidziwa nagwira imene inapezeka: anali ndi sitolo ya mipando ndi katundu wakale ku Clapton, kum'mawa kwa mzindawo. Mumseu womwewo munali anyamata awiri okonza nyimbo ndi makina, Etienne Tron wa ku France ndi Johan Karlberg wa ku Sweden, amene adziwikanso ndi dzina lakuti Johan Hugo; dzina lao la pa nchito linali Radioclit. Tsiku lina Etienne analowa m'sitolomo kudzagula njinga yakale, ndipo malonda a njinga anabala ubwenzi, ubwenziwo nubala nyimbo. M'caka ca 2008 anagawa nyimbo zao zoyamba ulere pa intaneti. Zambiri mwa izo zinali nyimbo za eni, zimene Esau anazibvula mau a Cingelezi nazibveka a Cicewa: ya M.I.A. yakuti Paper Planes inasanduka Tengazako, ndipo ina ya gulu la ku Australia, Architecture in Helsinki, inabala Kamphopo. Caka cotsatira, 2009, kunatuluka cimbale cao ceniceni coyamba, Warm Heart of Africa, m'mene anaimba nao M.I.A. yemweyo ndi Ezra Koenig wa gulu la Vampire Weekend la ku New York. Amene anacilandira ndi manja awiri ndiwo acinyamata a ku Ulaya ndi ku America okonda nyimbo za mtundu umene iwo amati indie pop, ndiko kunena nyimbo zokoma kumva zopangidwa ndi timagulu tosadalira makampani akuruakuru.

Telala wa pa Golomoti sanadziwe kanthu ka zonsezi. Iye nthawi imeneyo anali mchona ku Johannesburg, kumene anakhala zaka zambiri alikusoka makatani ndi nsaru za mipando m'nyumba za olemera, nagona m'kacipinda ka malata pamodzi ndi anzace atatu a ku Mangochi. Kwao anacokako mwana wamwamuna wa mlongo wace asanayambe kuyenda. Tsiku lina, m'caka cija ca mpira wa maiko onse, 2010, anali pamakwerero m'nyumba ina alikuyesa zenera, ndipo m'cipinda ca mnyamata wa m'nyumbamo munayamba kulira nyimbo. Poyamba sanasamale, pakuti zoimbira zace zinali zacizungu. Koma mau atalowa anazindikira kuti alikumva liu liri lonse. Anatsika pamakwereropo, tepi iri m'khosi, nakaima pakhomo pa cipinda ca mwana wa eni nyumba, cinthu cimene wanchito sacita. Mnyamatayo anamfunsa ngati phokoso lamsokoneza. Telala anati ai, koma angofuna kudziwa munthu amene alikulankhula cinenero ca amace m'nyumba muno. Mnyamata uja sanadziwe kuti ndi cinenero canji. Anangodziwa kuti ndi ca ku Africa kuno ndi kuti nyimbozo zikoma. Koma anali wa mtima wabwino, ndipo madzulo ace telala anabwerera ku kacipinda kace ndi cimbale conse m'foni.

Wofuna kumvetsa cimbale coyambaco ayenera kukumbukira kumene cinapangidwira. Cinapangidwa ku London, dziko la cisanu ndi mitambo, ndi munthu amene anali atasamuka kwao zaka pafupifupi 10. Kupatula alendo owerengeka, m'menemo muli makina a Azungu awiri aja ndi mau a Esau yekha, ojambulidwa kawiri, katatu, kanai, nasanjikizidwa, kotero kuti munthu mmodzi amveka ngati kwaya yathunthu ya pa Paskha. Nyimbo zace ndi zowala ngati dzuwa la mwezi wa Okutobala: Kamphopo ndi kulira kwace kwa ng'oma zacitsulo, Julia, Chalo, ndi ija yonyamula dzina la cimbale conse. Ngakhale pamene mau akhudza za mabvuto a m'dziko, zoimbira zace ziri cisekere. Dzina lomwelo la Warm Heart of Africa si la Esau ai. Ndi mau amene a nchito yokopa alendo alemba pa zikwangwani poitanira anthu akunja ku Malawi. Ndipo palibe cifukwa comdzudzulira pamenepa, pakuti mchona sakumbukira udzudzu, ngongole, kapena matope a m'dzinja. Iye akumbukira mango, usipa wowamba, ndi mwezi pamwamba pa nyanja. Kwao kwa m'mutu mwa mchona kulibe bodza, koma ndi theka lokha la kwao. Telala ndi anzace atatu aja anakhala m'theka limenelo usiku uli wonse wa Loweruka kwa zaka zisanu, ndipo linawasunga.

Za cimbale caciwiri, MTMTMK, ca m'caka ca 2012, sizifuna mau ambiri. Etienne anali atacoka m'gululo, Esau anali atabwerera ku Lilongwe, ndipo cimbaleco cinatuluka caphokoso, coyenera m'nyumba zobvinira za m'mizinda, ndi alendo ocuruka: K'naan wa ku Somalia, Amadou ndi Mariam a ku Mali, Baaba Maal wa ku Senegal, ndi ena. Ndiwo zace zinathiridwa mcere ndi manja ambiri. Koma munali nyimbo imodzi yosonyeza kumene zinthu zinalikupita, yakuti Yoshua Alikuti. Masiku amenewo Bingu wa Mutharika ankatamandidwa kuti ndiye Mose wa lero, pamene magalimoto ankagona pa mizere kudikira mafuta, ndipo mu Julaye 2011 anthu pafupifupi 20 anaphedwa pa zionetsero. Woimba amene ali kutali anangotama dziko lace, atafika kwao anayamba kufunsa mafunso.

Telala naye anafika kwao, koma si mwa kufuna kwace. Mu Epulo 2015 kunabuka cipolowe cothamangitsa alendo ku Durban, nicifika ndi ku Johannesburg, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ace. Iye sanamenyedwe, koma anaona zokwanira. Anamasula mutu wa makina ace osokera, naukulunga m'bulangete, nakwera. Potsika pa Golomoti anapeza malambe ali pomwe anawasiya, mapiri a Dedza ali ciimire kumadzulo, ndi kutentha komwe kuja kwa m'cigwa. Koma cinali caka ca madzi osefukira a mu Januwale, ndipo m'nkhokwe zambiri munalibe kanthu. Coposa apo, ndalama zimene ankatumiza caka ndi caka kwa mlongo wace kuti ammangire nyumba ya njerwa zinali zitafikitsa makoma pa mazenera pokha, ndipo m'kati mwace munamera cisoso. Mlamu wace analongosola za matenda, za maliro, za feteleza, ndi za fizi ya ana. Zina zinali zoona. Telala sanakweze mau. Anangobwereka khonde la sitolo pamsika, ndipo kwa mlongo waceyo ankapitako ngati mlendo, kukapereka moni ndi kubwerera dzuwa lisanalowe.

M'mwezi womwewo wa Epulo 2015, iye osadziwa, kunatuluka cimbale cacitatu ca The Very Best, dzina lace Makes a King. Esau ndi Johan anacoka mumzinda nakacijambulira m'mudzi wa M'dala Chikowa m'mbali mwa nyanja ya Malawi, mudzi wa Akristu ndi Asilamu okhala pamodzi. Maina a nyimbo zace okha auza munthu kuti mphepo yatembenuka: Nkhondo, Umasiye, Mwana Wanga, Bilimankhwe. Nyimbo yakuti Hear Me anaipeka mu Meyi 2014, masiku a cisankho, caka cimene Malawi anakwanitsa zaka 50 za ufulu, kubedwa kwa ndalama za boma kwa Cashgate kutangoululika mu 2013. Ndipo ikamba za umphawi ndi katangale. Ina, Let Go, ndi yokumbukira atate ace a Johan amene anamwalira.

Amene anabweretsa cimbaleci pakhonde paja ndi mwana uja anasiyidwa wosayenda, amene tsopano anali mnyamata wa ndebvu zace, woimba m'kwaya ya pa Mua ndi woikira anthu nyimbo m'mafoni pamsika wa Mtakataka. Panali patapita zaka zingapo cibwerere ca telala. Mnyamatayo anafika pa njinga, napereka moni, nati, "Atsibweni, anthu anu aja ali ndi cimbale cina, ndipo anakajambulira kunyanja konkuno. Ndakuikirani m'khadimu."

Telala anamvera nyimbo zitatu, phazi liri duu pa copondera ca makina, nati, "Mphwanga, kodi anthuwa anadwala? Mau ndi omwe aja, koma mwini wace wacita ngati wacokera kumanda. Ine phazi langa litsata ng'oma. Ndi nyimbo zotere diresi limodzi ndisoka masiku awiri."

Mnyamata anaseka nati, "Tsabola wakale sawawa, atsibweni. Zija zinali zoimbira Azungu kuti abvine. Izi ndiye zoimbira ife."

"Tsabola ameneyo," anatero telala, "ndi amene ndinadyera nsima ku Joni pamene ndiwo panalibe. Iwe unali kuti?"

Mnyamata anangowerama, pakuti anadziwa kuti funsolo silinali la nyimbo lokha, ndi kuti ina mwa njerwa zosowa zija inalowa m'fizi yace.

Kunena zoona, onse awiri anaphonya. Mnyamata anaphonya poganiza kuti nyimbo ikajambulidwa m'mudzi yasanduka ya m'mudzi. Kompyuta ya Johan inapita nao kunyanjako. Kampani ya ku London, Moshi Moshi, imene inagulitsa cimbale coyamba ku England, ndiyo inatulutsanso cacitatu. Ndipo ogula ambiri anali omwe aja a kutsidya la nyanja zamcere. Pa misika ya Mtakataka ndi Golomoti zimbale zonse ziwiri ndi zacilendo cimodzimodzi. Telala naye anaphonya poyesa kufatsa matenda. M'cimbale cacitatu muli nyimbo zobvinika, monga Sweka ndi Mariana, ndipo akadapirira kufika pamenepo phazi lace likadayenda. Komabe khutu lace silinaname konse. Nyimbo za m'cimbale coyamba zikakamira m'mutu ngati cisoso pa buluku: munthu azimva kamodzi, mawa lace alikuziimbira mluzu kumunda. Za m'cacitatu ndi zocepa zotero, ndipo zina za mau a Cingelezi ndi zopyapyala, zonga zimene gulu liri lonse la ku Ulaya likadapeka. Wofuna nyimbo yoti ayende nayo m'njira apite ku coyamba.

Koma kusiyana kwenikweni kuli pena. Nyimbo ya Acewa siimbidwa ndi munthu mmodzi. Pa mtondo, pa cinamwali, pa siwa, pali woyambitsa ndipo pali obvomera, ndipo nyimbo yopanda obvomera ndi kulira cabe. Ku London kuja Esau analibe ombvomera, motero anadzibvomera yekha ndi makina, monga acitira mchona ali yense polankhula yekha m'kacipinda kace. Ndipo cifukwa cakuti obvomerawo anali iye mwini, sanamtsutse, sanacedwe, sanaphonye, ndipo zonse zinatuluka zosalala ndi zokondwa. Kunyanja kuja munalowa mau a anthu ena a m'Malawi momwemo, ndi magitala, ndi mpata wakuti nyimbo ipume. Mau a anthu ambiri salingana ngati a makina; wina akhala wokhuthala, wina wasasa, wina alowa m'mbuyo pang'ono. Ndipo anthu akabwera kudzabvomera nyimbo sabwera ndi mau okha, abwera ndi maliro ao, njala yao, ndi mirandu yao. Cimbale coyamba ndi ca munthu wolakalaka anthu a kwao. Cacitatu ndi ca munthu amene wawapeza. Telala anali atawapeza ace, ndipo sanafune kuti kawailesi kace kamkumbutse zimenezo.

Nyimbo imene anaikana kotheratu ndiyo Bilimankhwe. Ikangoyamba ankatambasula dzanja naidumphitsa, nati dzina lotero silichulidwa pamalo a malonda. Munthu wa m'cigwa cimeneci sasowa womasulira, pakuti kwa Acewa dzina la bilimankhwe limveka m'nyimbo za maliro, pamene gule wamkuru aperekeza mtembo. Pa Mua, pamene Ansembe Oyera anakhazika misyoni mu 1902, ndi pamene Bambo Claude Boucher anayamba nchito ya Kungoni mu 1976, pali nyumba ya Chamare yosunga zigoba za gule ndi mbiri ya miyambo ya Acewa, Angoni ndi Ayao. Ndipo ana a sukulu opita kumeneko amva nthano zimene agogo ao anazidziwa kale. Imodzi mwa nthano za makolo iti Cauta anatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzabweranso, natuma buluzi ndi mau akuti akafa afa ndithu. Buluzi anathamanga nafika msanga. Bilimankhwe anayenda mwa kayendedwe kace, phazi limodzi kutsogolo, kuima, kuyang'ana uku ndi uku, ndipo pofika anapeza anthu atalandira kale mau a mnzace. Telala anaidziwa nthanoyo, ndipo sanaikonde.

Dzinja lina mlongo wace uja anadwala masiku owerengeka namwalira. Pa mwambo wa Acewa mwini mbumba ndiye mlongo wamwamuna, motero munthu amene kwa zaka zingapo ankafika pakhomopo ngati mlendo anayenera kukhala pa mphasa ya eni maliro, kulandira zipepeso, kulankhula ndi amfumu ndi adzukulu, ndi kuwerenga ana otsala. Usiku wa pa siwa mvula inagwa, ndipo amuna amene anali pamoto panja anasowa pobisala. Ena anathamangira m'makoma a nyumba yosatha ija nayala lona pamwamba pace. M'menemo, m'nyumba yace yopanda denga, telala anakhala usiku wonse pakati pa mlamu wace ndi mphwace, alikumva amai m'nyumba ya maliro, wina kuyambitsa, ena kubvomera, kufikira tambala. Pa mwambo wa m'chalichi mnyamata uja anaimirira ndi anzace a m'kwaya, koma mau anamkanika, ndipo anzacewo anaimba gawo lace.

Atameta maliro, telala anabwerera pakhonde pace, koma sabata lathunthu makina sanalire. Anthu odutsa anamuona atakhala, manja ali pa maondo, kawailesi kalikulira pansipansi. Zinali nyimbo za cimbale cacitatu, kuyambira yoyamba kufikira yotsiriza, osadumpha ndi imodzi yomwe. Pa Umasiye ankabwereza. M'nyimbo imeneyo aimbamo Baaba Maal, m'cinenero cimene telala sacimva ndi liu limodzi lomwe, monga mnyamata uja wa ku Johannesburg sanamve Cicewa. Ndipo iye anangomvera mau okwera a munthu wa ku Senegal uja mpaka pamene anathera.

Sanabvomere kuti mphwace ananena zoona, ndipo kufikira lero sabvomera. Akafunsidwa amati cimbale cokoma ndi coyamba, ndi kuti cacitatu ndi mankhwala, ndipo palibe munthu atama mankhwala kuti akoma. Pamene mnyamatayo anamuuza kuti mu 2016 The Very Best anajambula nyimbo zina pamodzi ndi gulu la ku England la Mumford & Sons, ndi Baaba Maal, ndi Beatenberg a ku Cape Town, nazipatsa dzina lakuti Johannesburg, telala anakana kuti zimenezo zilowe m'khadi mwace. Anati dzinalo alidziwa bwino kuposa oimbawo. M'malo mwace anamtuma mnyamatayo kukafunsa mtengo wa malata a mapazi khumi kwa ogulitsa a pa Golomoti pomwepo ndi a ku Mtakataka, kuti aone kumene kuli kochipa.

Masiku ano kam'mawa, pamene nchito iri yambiri ndi dzuwa lisanakwere, pakhondepo pamveka Kamphopo ndi Julia, ndipo phazi litsata. Cakumadzulo, ogulitsa tomato ndi usipa alikulongedza, ndipo mthunzi wa mapiri wafika pamseu, amasintha. Tsiku lina madzulo otero mai wina wa ku Bwanje anakhala pa benchi kudikira yunifomu ya mwana wace, thumba la mpunga liri pa mapazi. Nyimbo ya Bilimankhwe inayamba, ndipo telala sanatambasule dzanja. Maiyo anachera khutu, nafunsa ngati oimbawo ndi a mudzi wa pafupi. Telala anati ai, ndi a kutali pang'ono. Maiyo anakhala cete, kenaka anayamba kung'ung'udza pansipansi pamodzi ndi oimbawo, maso ali kumseu kumene minibasi yace ikadzera. Telala anadula ulusi ndi mano, nakutumula kadiresiko, nakapinda, namuuza mtengo wace.